Alamu Anga a Faustino, Mwamuna Amene Anatenga Pakati Kawiri

Malinga ndi zolemba za anthu ophunzira, alamu anga a Faustino anatenga pakati kawiri. Mimba yoyamba anabereka mwana wamkazi wolemera makilo atatu. Yachiwiri mpaka lero sinabadwe, ndipo papita zaka zisanu ndi chimodzi. Analumidwa ndi agalu anayi, anazulidwa dzino limodzi lomwelo katatu, anachitidwa mdulidwe kawiri, ndipo chaka china nthawi ya mvula ankalemera makilo asanu ndi anayi, pofika pokolola anali pa makilo makumi asanu ndi atatu. Sindikunama ayi. Ine Ilda, mng'ono wa akazi awo, ndinalipo tsiku limene zonsezi zinkawerengedwa pagulu, ndipo ndinaseka mpaka kukhala pansi padothi.

Munthuyo ndi wakabaza. Amanyamula matumba a chimanga ndi nandolo pa njinga kupita nawo kumalire, pobwerera amatenga anthu, mbuzi, malata, chilichonse chimene chingalole kumangidwa ndi mphira. Ndi wamfupi, miyendo yokhota, mawu ake amafika kutsidya kwa mtsinje iye asanawoloke. Anakulira kwa malume awo ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerera kuno anakwatira achemwali anga a Virgínia, mkazi wofatsa amene amachapa ndi kusoka nsalu za paguwa ku kapela kwathu. Chimene anawaonera alamuwo kaya, ine ndakhala ndikufunsa zaka makumi atatu.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa mtsinje. Ukakwera pa chulu umaona malata a ku Malawi akunyezimira. Chipatala cha kutsidya ndi ulendo wa theka la ola pansi, ndipo kumeneko ukanena kuti m'mimba mukupota amamva. Cha kuno kwathu chili ku Milange, maola awiri pa njinga, ndipo azimayi ambiri amaopa kuti akawafunsa m'Chipwitikizi n'kungoti kukamwa yasaa. Choncho ambiri timawoloka. Koma kutsidyako wodwala aliyense amayenera kukhala ndi kabuku kake kolembamo matenda, ndipo m'mudzi mwathu tonse tinkakhulupirira kuti ukakagula kako akufunsa mudzi ndi mfumu yako, n'kukubweza. Amene anabwezedwapo palibe ankamudziwa. Tinkangouzana basi.

Alamu ndiwo anali nako kabukuko. Anakagula atapita kumaliro a malume awo, n'kulembetsa mudzi wa malumewo, osati chifukwa chodwala, koma poti anaona ena akugula. Chibadwire munthuyu sanagonepo ndi malungo, ngakhale chimfine chimamulambalala. Ndiye kabuku kanakhala kudenga chaka chathunthu, mpaka tsiku lina a João Baptista, oyandikana nawo nyumba, analumidwa ndi galu.

"Tengani," anatero alamu. "Akaitana Faustino, muimirire."

Chiyambi chake ndi chimenecho. Posakhalitsa mudzi wonse unali Faustino. Azimayi akafunsidwa ankayankha kuti ansembe ndiwo analakwitsa paubatizo, ndipo pa mzere wa anthu mazana awiri ndani ali ndi nthawi yotsutsana ndi ansembe? Chikuto chinatha, alamu anakuta ndi pepala la shuga. Masamba atadzaza, achemwali anasokereramo ena a mu kope la kusukulu la mwana wawo Celso, ndi ulusi woyera womwe amasokera nsalu za kutchalitchi. Kabuku kanasanduka buku, lonenepa kuposa la nyimbo, lonunkha parafini ndi usipa.

Sankalipiritsa, izo ndivomereze. Malipiro awo anali matama. Wailesi ikamakamba za anthu a ku Maputo amene amalipira mwezi ndi mwezi kuti akadwala asavutike, chomwe amati seguro, alamu ankaimirira n'kumenya pachifuwa.

"Seguro ya mudzi uno ndine! A ku Maputo amalipira, inu mumangogogoda. Ndipo taonani, m'nyumba mwanga matenda salowa. Amafika pakhomo, n'kuwerenga dzina langa, n'kubwerera."

Akatero achemwali ankangomwetulira n'kumanga mpango wawo kumutu molimba. Miyezi imeneyo ankaumanga molimba kwambiri, amati dzuwa la chaka chino lanyanya.

Nanenso ndinalibwerekapo, sindikana. Chithupsa chinanditulukira pamalo osatchulika, ndinapita kukatenga buku, koma pofika m'mawa chinali chitaphulika chokha. Ndinapita nalo kumsika kuti ndikabweze pobwerera. Tsiku limenelo benchi langa la tomato linkagwedera, tomato n'kumagubuduka, ndiye ndinapinda bukulo n'kuika pansi pa mwendo wa benchi. Linakwana bwinobwino. Linakhala pomwepo milungu isanu, mpaka alamu anabwera kudzalanda akulalata.

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala kutentha kutafika poipa, kunabwera galimoto yoyera ndi anthu a kafukufuku. Anamanga tenti pansi pa mtengo wa mango pa kapela. Anati akufuna kudziwa kumene anthu a m'malire timapita tikadwala, komanso kuti ndi angati amene magazi awo amathamanga iwo osadziwa, matenda omwe kuno timati tensau. Anati akhala masiku atatu, Lachitatu mpaka Lachisanu, ndipo palibe amene amangidwe chifukwa chowoloka mtsinje. Wotsogolera anali namwino, Dona Suzete, mayi wa magalasi wa dera lathu lomweli, wa ku Mongue, wolankhula Chinyanja chomveka. Anapempha kuti yemwe ali ndi pepala lililonse la kuchipatala abwere nalo.

Anthu anaima patali, manja kumbuyo. Alamu okha anafika atavala jekete pa dzuwa limenelo, buku lili m'manja muwiri ngati akupereka mphatso pa Misa.

Dona Suzete anatsegula. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Anawayang'ana alamu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka pamimba.

"Bambo, Faustino ndinu?"

"Ndine ndemwe, mayi."

"Nanga mwana uja akukula bwino?"

"Uti?"

"Amene munabereka."

Zolemba za m'bukumo ndi Chingerezi cha madokotala, chokhotakhota, ndipo m'mudzi mwathu palibe anali atawerengapo. Tsiku limenelo ndi pamene tinamva koyamba zomwe zinali m'katimo. Dona Suzete ankamasulira, misozi ya kuseka ikutsika, ife tikusendera pafupi. Atafika pa dzino lozulidwa katatu, anthu atatu anagwira masaya nthawi imodzi. Atafika pa kudulidwa kawiri, amuna awiri anayamba kuyang'ana mango m'mwamba ngati sanaonepo mango. A Páscoa ogulitsa mandasi anakuwa kuti mimba yachiwiri ija inali yawo, anaberekera kunyumba, mwanayo ndi uyu ali apayu akudya chala. Alamu anaima chilili, chifuwa patsogolo, akugwedeza mutu pa matenda aliwonse ngati akumva mayina a ana awo.

Kenako Dona Suzete anasiya kuseka. Anaika chala pa tsamba lina cha kumapeto.

"Tsamba ili ndi la ndani?"

"La Faustino," anayankha wina, anthu n'kuseka.

"Ayi, tsopano sindikuseka. Mwezi wa Abrili chaka chino, munthu wina anayezedwa tensau. Nambala yapamwamba inadutsa mazana awiri. Anamupatsa mapiritsi a mwezi umodzi, n'kumuuza kuti abwerere mwezi wotsatira. Sanabwerere. Pano papita theka la chaka."

"Ndiye kuti anachira," anatero a João Baptista.

"Awa sachira choncho, bambo. Munthu amalima, amaseka, amapita kutchalitchi. Tsiku lina amangogwa, mbali imodzi ya thupi kufa, kapena osadzukanso. Sanalembe zaka zake, sanalembe ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Munthu ameneyu ali m'mudzi muno, ndipo ife tinyamuka Lachisanu masana. Ndikufuna ndimuone."

Ndinaona nkhope ya alamu ikugwa. Iwo sankalemba amene wabwereka, sukulu anaisiyira panjira, koma anali ndi njira yawo. Tsamba lililonse linali ndi chizindikiro cha mwini wake. La mafuta a mandasi linali la a Páscoa. La fungo la fodya, a João Baptista. Dothi la kumsika ndi njere ya tomato pachikuto, zimenezo zinali zanga. Choncho anatenga buku, n'kulisendeza pamphuno, n'kununkhiza tsamba lija ngati galu wosaka. Analitembenuza, analiyang'ana pa dzuwa, ananunkhizanso.

"Palibe kanthu," anatero. "Loyera mbee. Munthu waukhondo chonchi m'mudzi muno ndani?"

Abale inu, mudzi wonse unakwiya. Aliyense ankafuna kuti akhale waukhondo, koma palibe ankafuna kuti akhale wodwalayo. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka.

Dona Suzete anati njira ndi imodzi, aliyense amene anagwirapo buku ayezedwe. Anatulutsa kamakina kokhala ndi lamba wokulunga pamkono. Atangodina, lamba n'kuyamba kufufuma kwinaku kakulira, a João Baptista anadzambatuka liwiro la mtondo wadooka, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri imene imati mawondo sailola kugwada pa Misa. Analowa m'munda wa nandolo akukuwa kuti abwera opopa magazi. Theka la anthu linawatsatira, agalu pambuyo.

Alamu anavula jekete. "Ndiyezeni ine, aone."

Anawayeza. Nambala zinali zabwino ngati za mnyamata. Ananyamuka, n'kupita m'mphepete mwa munda wa nandolo, n'kukweza mkono.

"Taonani! Magazi anga onse alimo! Likusowa dontho?"

"Amapopa pang'onopang'ono!" anayankha mawu a a João Baptista kuchokera m'katikati mwa nandolo.

Anabwerera, anayezedwanso, anapitanso kukaonetsa mkono. Pofika Lachinayi masana anali atayezedwa kakhumi ndi kanayi, mpaka Dona Suzete anawapempha kuti apumitse mabatire. Tsiku limenelo sananyamule thumba ndi limodzi lomwe. Amalonda a kumalire ankawaimbira foni, iwo n'kumayankha kuti ali pa ntchito ya boma. Njinga inkangopita n'kubwera, ulendo uliwonse ili ndi Faustino wina pakaliyala. Wina anamupeza akusamba kumtsinje, anabwera naye thovu lili m'makutu. Wina anali atasamukira ku Mongue, a Mikayeli, ndipo alamu anapalasa mtunda wonsewo n'kubwera nawo atawamangirira ndi chitenje kuti asagwe akamawodzera.

A João Baptista anawagwira ndi njala. Alamu anaika mbale ya mandasi a a Páscoa pampando wa mu tenti, n'kuuza anthu onse kuti ayang'ane kumbali. Nkhalamba inatuluka yokha, masamba a nandolo ali m'tsitsi. Inayezedwa dzanja lina lili m'mbale, maso otsinzina, ikunena Tikuoneni Maria mkamwa muli modzaza. Itamva kuti ilibe vuto inakwiya.

"Ndiye mwandithamangitsiranji?"

"Anakuthamangitsani ndani?" ndinawafunsa ine. "Munanyamuka nokha ngati gwape!"

Nanenso anandiyeza. Nambala yanga inakwera pang'ono, ndipo ndinauza Dona Suzete kuti kamakina kawo n'kabodza. Anati ndisiye kulalata kaye, ndikhale phee mphindi zisanu. Mphindi zisanu, ine! Alamu anaima patsogolo panga akusekerera, akuti lero taona chozizwitsa, Ilda watseka pakamwa popanda maliro. Ndinangowayang'ana, mumtima ndikusunga mawu oti ndiwauze mphindizo zikatha. Nambala inatsika, ndipo ndinawauza onse.

Masiku onsewo achemwali a Virgínia ankabwera ndi ndowa ya thobwa kudzapatsa alendo ndi anthu a pamzere. Ankathira, kutsuka makapu, kuthiranso, kenako n'kukhala kumbuyo kwa tenti pamthunzi, mpango uli ndii pamphumi. Palibe anawaitana kuti ayezedwe. Akazi a mwini buku, a m'nyumba yosalowa matenda, akayezedwe chifukwa chiyani? Ine mng'ono wawo ndinawapatsa kapu yanga kuti anditsukire, osawayang'ana n'komwe kumaso.

Pofika Lachisanu m'mawa anali atayezedwa anthu oposa makumi anayi, ena oti sanaligwirepo bukulo koma anangotengeka ndi mandasi. Anapezeka asanu a tensau yokwera, a Mikayeli mmodzi wa iwo, ndipo anawalembera makalata opita nawo ku Milange. Dona Suzete anati kafukufuku wawo sanayendepo bwino chonchi m'mudzi wina uliwonse. Koma asanuwo onse analumbira kuti mwezi wa Abrili sanawoloke, ndipo nambala zawo sizinafike pa ija ya m'buku.

Anyamata a galimoto anayamba kuzula zikhomo za tenti. Alamu anakhala pa muzu wa mango, buku pamiyendo, maso ofiira. Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinawauze.

"Ndamupha munthu, alamu," anandiuza motsitsa mawu. "Buku langa lamupha munthu, ndipo sindikudziwa kuti ndikalire pakhomo pa ndani."

"Sanafe," ndinatero. "Akanafa tikanamva. Mudzi uno ngakhale nkhuku ikatsokomola timamva."

Achemwali anabwera kudzatolera makapu awo. Dona Suzete anali atatsala pang'ono kuika kamakina m'chikwama, ndipo anawayang'ana.

"Mayi, mwatimwetsa thobwa masiku atatu. Inu sitinakuyezeni."

"Awo ayi," analowerera alamu, osadzutsa n'komwe mutu. "Awo ndi a m'nyumba mwanga."

Achemwali anaima kanthawi, makapu ali m'manja. Kenako anawaika pansi bwinobwino, imodzi pamwamba pa inzake, n'kukhala pampando. Palibe anawauza chochita. Anakwinya okha dzanja la bulauzi la kumanzere, anagoneka mkono pa tebulo chikhatho chili m'mwamba, anayala mapazi onse awiri pansi, n'kutseka pakamwa. Ife tonse, anthu makumi anayi, aliyense anachita kuuzidwa zimenezi kawiri kapena katatu. Dona Suzete anawayang'ana nthawi yaitali asanadine.

Lamba anafufuma. Kamakina kanalira, kanaleka, kanayambiranso kufinya ngati sikakukhulupirira. Nambala itatuluka, Dona Suzete sanaitchule. Anangotembenukira kwa oyendetsa galimoto n'kunena kuti achotse katundu pampando wakutsogolo.

Alamu anaimirira, buku linagwa pansi.

"Amake Celso? Ndinu?"

"Ndine, bambo ake Celso."

"Liti? Bwanji ine osadziwa?"

"Tsiku lija munapita ndi malata ku Mongue. Mutu unandipweteka masiku anayi, ndipo m'mawa umenewo ndinatuluka kamfuno ndikuchapa. Ndinatenga buku kudenga, ndinawoloka, pofika masana ndinali nditalibwezera."

"Nanga mapiritsi?"

"Ndinamwa onse. Ndinkawasunga m'chitini cha mchere, poti inu simutsegulamo."

"Ndiye osandiuza bwanji, mayi? Ine ndimanyamula mudzi wonse!"

Achemwali anayankha mofatsa, ngati akunena za nkhuni. "Mumati m'nyumba mwanu matenda salowa. Mumanena pamsika, mumanena pa kapela. Ndinati ndisakuchititseni manyazi. Ndinati ndingopitanso mwakachetechete tsiku lomwe anandiuza, koma buku silinalipo. Ndinakufunsani kanayi."

"Munandifunsa?"

"Munkati lili kwa odwala, inu mukulifuniranji. Ine n'kuti ayi, ndimangofunsa."

Ine magazi anali atandikwera kale kumutu. Ndinalumpha n'kuwaloza chala pamphuno.

"Mwamva? Mwamva, bambo seguro? Kununkhiza masamba ngati galu, osadziwa kuti tsamba loyera ndi la munthu amene amachapa nsalu za paguwa! Mumagona naye nyumba imodzi! Ndipo anali ndani wodwala wofunika chotere, woti n'kukhala ndi buku mwezi wonse mkazi wanu akufa? Mutchuleni, ndikamuone ine!"

Achemwali anayang'ana makapu awo.

"Mutchuleni!"

"Unali mwezi wa Maria, Ilda," anatero achemwali. "Wa Meyi. Ndinamva kwa anthu kuti lili kwa iwe. Ndinabwera kumsika kawiri, ndinaliona pansi pa benchi. Unali wotanganidwa ndi makasitomala, ndipo ukanandifunsa kuti ndikulifuniranji, msika wonse ukanamva. Tsiku lobwerera litadutsa ndinaopa kuti kuchipatala akandikalipira."

Ndinakumbuka. Anabweradi kawiri. Ulendo wachiwiri ndinawapatsa tomato atatu ophwanyika kuti akathire m'ndiwo, ndipo ndinawauza kuti asaime patsogolo pa benchi, akutchinga malonda. Chala changa chinali chidakali m'mwamba, chikuloza alamu, ndipo sindinadziwe kochiika. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinalira pamaso pa mudzi wonse, ine amene sindinalire ngakhale tsiku lomwe amuna anga anandithawa.

Dona Suzete sanatipatse nthawi yoti tilire mokwanira. Anawakweza achemwali kutsogolo kwa galimoto. Kumbuyo kunali kodzaza ndi tenti ndi mipando, choncho alamu anakwera njinga n'kuitsatira. A João Baptista amalumbira mpaka lero kuti njinga inafika ku Milange galimoto isanafike, koma amenewo ndi a João Baptista.

Anawagoneka masiku atatu. Chipwitikizi chimene tinkachiopa chija sichinafunike n'komwe, namwino wa m'chipindamo anali wa Chilomwe wodziwa Chinyanja, ndipo ankacheza ndi achemwali za mbewu ya nandolo. Anatuluka ndi kartau yawoyawo, khadi lolembedwa Virgínia, dzina lawo lenileni, ndi zaka zawo, ndi tsiku lobwerera. Amaisunga m'chikwama cha kutchalitchi pamodzi ndi korona, ndipo palibe amaigwira, ngakhale amuna awo.

Alamu sanasinthe kwenikweni, musaganize kuti anasanduka mngelo. Amakuwabe, amadzitamabe. Kungoti tsopano amati anthu a kafukufuku anawasankha iwo pa Zambezia yonse. Munthu akabwera kudzagogoda kuti abwereke buku, amamukweza pa njinga n'kupita naye kukatenga lakelake, kutsidya kapena ku Milange, akumulalikira za mchere njira yonse mpaka munthuyo kulakalaka akanangodwala mwakachetechete. Zinapezeka kuti amene anapita nawo kutsidya palibe anabwezedwa. Buku lakale lija a Páscoa analipempha kuti azikulungira mandasi, alamu anakana, ati muli ana awo. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse foni amaithimitsa, amayala chitenje pakaliyala, n'kuwatenga achemwali kupita nawo kukayezetsa. Amapalasa pang'onopang'ono mpaka ana oyenda pansi amawapitirira.

Achemwali ali moyo, akulima, mpango amamanga momasuka. Koma adokotala anati miyezi ija yopanda mankhwala inawononga timitsempha ta m'diso la kumanzere, ndipo sitibwerera. Kusoka amasokabe, manja amadziwa okha njira. Chimene sangathe ndi kulowetsa ulusi pa singano.

Choncho Loweruka lililonse ndimatseka benchi msanga, ngakhale tomato atatsala, n'kupita kwawo. Ndimakhala pakhonde n'kuwalowetsera ulusi woyera m'singano khumi ndi ziwiri, zoti ziwakwanire sabata yonse, n'kuzibaya pa kansalu motsatana. Za benchi sanazitchulenso ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandikalipira. Amangolandira kansaluko, n'kuziwerenga singanozo ndi chala, n'kunena kuti, "Zikomo, Ilda, wandithandiza."